Galimoto ya ku America ndi Ndowa Zanga za Madzi

Ine ndine namwino wa mu wodi ya mafupa. Ndanena zimenezi poyambirira kuti wina asandiyese mkazi wamantha achabe. Anthu akaona galimoto yothamanga amaona utoto ndi kuwala kwake, koma ine ndimaona Lolemba m'mawa, ndikusintha mabandeji a mwana wa winawake yemwe miyendo yake yalumikizidwa ndi zitsulo. Ntchito imeneyi ndagwira zaka zambiri ku Glasgow kuno, ndipo ndikudziwa mmene fupa limaonekera likatulukira kunja kwa khungu. Ndiye tsiku lomwe amuna anga anandionetsa chithunzi pafoni n'kunena kuti, “Mayi, taonani chinthu ichi,” ndinadana nacho ndisanamve n'komwe dzina lake.

Inali galimoto ya ku America, yofiira psu, ya zitseko ziwiri, yamphuno yaitali, yokhala ngati yanyonyomala kudikira woti imulumphire. Ndinawabwezera foniyo n'kunena kuti ndaiona, ndi yokongola, mwini wake asangalale nayo. Iwo anati mwini wakeyo akugulitsa.

Amuna anga si munthu waphuma ayi. Amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Shawlands, ndipo tsiku lonse amakhala akukankha njinga za nkhalamba pang'onopang'ono, kuzidyetsa phala ndi sipuni, kuzimvetsera zikubwereza nkhani imodzi kasanu. Mowa samwa, fodya sasuta, kutchalitchi amakhala mpando wachiwiri kuchokera kutsogolo. Koma bambo awo anali dalaivala wa bwana wina ku Blantyre. Lamlungu lililonse m'mawa ankatsuka galimoto ya bwanayo mpaka kudzionamo nkhope, ndipo anamwalira asanakhalepo ndi yawoyawo, ngakhale yakutha.

“Zaka zonsezi ndakhala ndikugwira mashifiti owonjezera,” anatero. “Mwana wakula. Kumudzi tinamanga. Kodi nanenso ndife ndikungosirira za anzanga?”

Mayankho ndinali nawo ambiri, koma onse anali a kuchipatala, ndipo munthu sungamuyankhe za mafupa pamene iye akukamba za bambo ake. Ndinangoti, “Tikaione kaye.” Apo m'pamene ndinagonjera.

Tinapita Loweruka lina m'nyengo yofunda, kunja kwa mzinda, kwa mzungu wina waimvi yemwe ankaisunga m'galaja yoyera kuposa khitchini yanga. Atailiza, phokoso lake ndinalimva m'chifuwa ndisanalimve m'makutu. Pansi panali kunjenjemera. Ataponda mafuta pang'ono, pamwamba pa kubangulako panatuluka kulira kwina kopyapyala, ngati kwa makina ochekera matabwa. Mzunguyo anatsegula boneti n'kuloza chitsulo chachikulu chokhala pamwamba pa injini. Anati imeneyo ndi supachaja, ntchito yake ndi kukankhira mphepo yambiri mu injini kuti iziotcha mafuta ochuluka nthawi imodzi. Amuna anga ankangogwedeza mutu ngati ali pa ulaliki.

Mkazi wa mzunguyo anatipangira tiyi. Anali wosangalala kwambiri mayi ameneyo, moti chisangalalo chakecho chinandiopsa kuposa injini. Potsanzikana anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, monga timachitira kwathu popepesa maliro, n'kundinong'oneza kuti ndisamawalole amuna anga kuiyendetsa kukagwa mvula. Ndinamuyang'ana. Kukagwa mvula? Ku Glasgow? Ndiye iziyenda liti?

Amuna anga anaigula tsiku lomwelo. Pobwerera ndinapita kuchitseko chakumanzere monga ndinazolowera, n'kupezako chiwongolero. Galimoto za ku America chiwongolero chimakhala kumanzere, pomwe kuno, monganso kwathu, timayenda kumanzere kwa msewu. Ndiye kuti woyendetsa amakhala cha m'mphepete, pabwino, ndipo wokwera nayeyo ndi amene amakhala pakati pa msewu, maso ndi maso ndi mabasi, wopanda chiwongolero, wopanda mabuleki. Mpando umenewo unali wanga. Titapeza thirakitala kutsogolo kwathu, amuna anga sankatha kuona kuseri kwake.

“Mayi, tasuzumirani. Kukubwera kanthu?”

“Inu bambo, mwagula galimoto yoti maso ake ndikhale ine?”

“Ingonenani.”

“Kulibe. Ayi, kuli! Kuli lole! Bwererani!”

Tinafika kunyumba diresi yanga itanyowa kumsana.

Timakhala ku Maryhill, m'fulati ya pamwamba, m'kamsewu kakafupi kotsetsereka komwe kamakathera pa ngalande yaikulu yodutsa timabwato. Kumapeto kwake kuli mpanda wazitsulo wakalekale, kuseri kwa mpandawo kamtunda kakafupi kotsika, kenako madzi akuda bii. Kamsewuko n'kopanikiza, moti ukaimika galimoto pakhomo pathu itayang'ana kumunsi, kuti utuluke umayenera kutsika kaye kukatembenukira pampanda paja. M'fulati ya pansi penipeni mumakhala mdala wina wa konkuno, wamasiye, yemwe ntchito yake ndi kukhala pawindo. Tsiku limenelo anatsegula windo, anayang'ana galimoto, anayang'ana ife, n'kutsekanso.

Mtsikana wathu, yemwe panthawiyo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anatsika masitepe akudumpha awiriawiri. Iyeyu anabadwira kuno. Chichewa amamva chilichonse, ngakhale chomwe sukufuna kuti amve, koma amayankha m'Chingerezi cha ku Glasgow chomwe ngakhale aphunzitsi anga a ku sekondale sakanachitola. Ndinasiya kalekale kumukakamiza.

“Dad, that's pure class! Can I get in?”

“Iwe,” ndinatero, “phazi lako lisaponde m'galimoto imeneyi mpaka abusa ataipempherera. Wamva?”

“Aye, Mum.”

Kumpingo kwathu munthu akagula galimoto amabwera nayo, abusa n'kuisanjika manja anthu atazungulira, kenako timadyera limodzi. Pemphero limenelo ndinkalikhulupirira, ndipo ndikulikhulupirirabe. Koma ndisaname, ndinkafunanso kutalikitsa tsiku loti mwana wanga akhale pampando wa pakati pa msewu uja. Mwana ndili naye mmodzi yekhayo.

Amuna anga anavomera lamulolo mosavuta, mpaka ndinadabwa. Kenako anati pempherolo lidikire kaye chifukwa galimotoyo sinathe. Ndinafunsa kuti sinathe chiyani, popeza matayala onse anayi analipo. Anati pali zina zofunika kuwonjezera, ndipo abusa adalitse chinthu chomalizika.

Ndiye anayamba kufika maphukusi. Loyamba linali ndi kachitsulo kozungulira, kakang'ono ngati chivundikiro cha botolo la jamu. Anati ndi kapule, kakalowa m'malo mwa kokulirapo kamene kanalipo, supachaja izizungulira mofulumira kuposa kale. Ndinafunsa ngati inkachedwa. Kenako anabwera mapaipi a utsi onenepa ngati mwendo wanga, ndipo atawaika, mdala wa pansi uja anatilowetsera kapepala kunsi kwa chitseko, kotiuza mwaulemu kuti makapu ake akuvina m'kabati. Ndinachita manyazi mpaka ndinayamba kudutsa pawindo pake nditawerama. Kenako anabwera matayala akumbuyo otambalala ngati migolo. Pachakudya nkhani inali ya mahatchi: injini ili ndi mphamvu ya mahatchi akutiakuti, ikachoka kwa makaniko idzakhala ndi akutiakuti. Ndinawakumbutsa kuti kwawo sanawetepo ngakhale mbuzi. Mwana anaseka mpaka kutsamwa, koma anali mbali ya bambo ake.

Azibambo akumpingo nawonso sanandithandize. Loweruka ankabwera kudzaima mozungulira boneti, manja m'matumba, aliyense katswiri. Mmodzi yemwe amayenda pa basi chibwerereni kuno ndi amene ankalimbikitsa kwambiri kuti awonjezerenso. Akazi awo ankandikokera pambali n'kundifunsa kuti, “Asisi, mwalola bwanji?” ngati kuti ine ndinali ndi kiyi wa mtima wa munthu.

Tsiku lina ndinapita kukawatenga kugalaja ya makanikoyo, kutsidya kwa mtsinje. Ndinapeza galimoto itamangidwa pansi ndi malamba, matayala akumbuyo ali pa migolo yachitsulo yozungulira, makaniko ali mkati ndi kompyuta pamiyendo. Anaponda mafuta. Galimoto inakuwa ili pamalo amodzi, ikukoka malamba aja ngati ng'ombe yozindikira kuti ikukaphedwa. Ndinathawira panja, chikwama changa n'kuchisiya pampando. Atamaliza, makanikoyo anatuluka akupukuta m'manja n'kuwauza amuna anga ine ndikumva. Anati matayala amenewa ndi a nyengo yofunda, kukazizira amauma ngati pulasitiki, ndipo mphamvu yonse ya injini imapita kumatayala akumbuyo okha. Anati kukayamba kuzizira aziponda mafuta ngati kunsi kwa phazi kuli dzira.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inasanduka chilango. Foni ndinkayenda nayo m'thumba la yunifolomu, mtima uli m'mwamba. Ndikangomva kuti akubweretsa bambo wa ngozi ya pamsewu, ndinkayamba ndayang'ana dzina pafailo ndisanayang'ane wodwalayo. Ndikapeza kuti ndi mwamuna wa wina ndinkapumira m'mwamba, kenako n'kudzida chifukwa chosangalala ndi tsoka la mnzanga. Kunyumba ndinayamba kupsa mtima ndi tinthu tating'ono. Tsiku lina ndinabisa makiyi m'thumba la mpunga, koma ndinaiwala kuti ophika tsiku limenelo anali iwo. Anawatsuka, anawapachika pamalo pake, osanena kanthu, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira. M'mutu mwanga ndinali nditakonzeratu choti ndidzanene tsiku lomwe ndinkaliopalo likadzafika. Anali mawu amodzi okha: ndinakuuzani. Ndinkawanola tsiku ndi tsiku, kwinaku ndikupemphera kuti ndisadzawagwiritse ntchito.

Ndinakweranso kachiwiri zowonjezera zambiri zitalowa kale. Tinali kulowa mumsewu waukulu wodutsa pakati pa mzinda, ndipo iwo anaponda pang'ono chabe kuti apeze mpata pakati pa malole. Mutu wanga unamenya mpando, supachaja inalira, kumbuyo kwa galimoto kunagwedezeka uku ndi uku ngati mchira wa nsomba. Zinatha msanga. Koma titaima pa maloboti ndinaona manja awo akunjenjemera pachiwongolero. Anawabisa pakati pa miyendo. Ndinazindikira kuti nawonso akuiopa, kungoti anali atafika nazo patali moti sakanathanso kunena. Zimenezo sizinanditonthoze ngakhale pang'ono.

Mwana yekha ndi amene sankaopa. Lamulo langa analisunga, ndimuyamikire, koma Lamlungu lililonse ankandifunsa kuti abusa abwera liti, ndipo nthawi zina ndinkamupeza ataima panja akusuzumira pagalasi, manja ataphimba m'mbali mwa nkhope.

Zowonjezera zonse zinatha mu Disembala. Ndinawaimbira ndekha abusa, popeza ndinaona kuti ngati galimotoyo siichoka, bola ikhale m'manja mwa Mulungu. Tinagwirizana Lamlungu lotsatira, mapemphero akatha, pabwalo la tchalitchi. Ndinakazinga mandazi odzaza beseni. Loweruka amuna anga anakaitenga kugalaja komaliza, ndipo inafika itatuwa ndi matope ndi mchere umene amathira m'misewu ikuluikulu nyengo yozizira.

Lamlungu kunacha kopanda mtambo, zomwe kuno sizichitikachitika. Ndinasuzumira pawindo n'kuona galimoto ili mbuu.

“Bambo, simupita nayo kwa abusa ili chonchi.”

“Kukuzizira kwambiri lero, mayi. Mulungu aiona momwemo.”

“Mulungu aiona, koma amayi akumpingo aona ine. Aziti mkazi wake alipo koma galimoto ikubwera kupemphero ngati yachokera kumunda. Pitani nayo kumakina otsukira aja.”

“Makina amakanda utoto.”

“Ndiye madzi nditunga ndine. Bambo anu akanapita kutchalitchi ndi galimoto yotere?”

Mawu amenewo sindikanayenera kunena. Anadzuka n'kukatenga nsalu zawo zotsukira galimoto.

Ndinatunga madzi ofunda m'bafa, ndowa ndi ndowa, kutsika nazo masitepe onsewo. Ofunda, kuti zala zawo zisaume. Iwo ankapaka sopo, ine n'kumathira, nthunzi ikukwera, ndipo ndisabise, kwa kanthawi ndinasangalala. Zinali ngati Lamlungu la kwathu. Anaipukuta mpaka kuuma, ikuwala kuposa tsiku lomwe tinaigula. Koma thovu la sopo linali litadzaza msewu, ndipo ndinaona ngati katani ya mdala uja yagwedezeka. Kapepala kake kaja ndinali ndisanakaiwale. Ine sindifuna kunenedwa kuti obwerawa ndi auve, ndipo kwathu ukamaliza kuchapa sumusiyira mnzako thovu pakhomo pake. Ndinakweranso n'kutsika ndi ndowa zina zitatu, ndipo ndinatsuka msewu wonse, kuthamangitsa thovu lija kuchokera pakhomo pathu mpaka kumunsi kumpanda. Nditamaliza ndinaima n'kuyang'ana ntchito yanga. Msewu unali wakuda, wowala, waukhondo kuposa tsiku lina lililonse.

Zoti msewu umaundana ndinkazidziwa. Ndasamalirapo anthu osawerengeka ogwa pa ayezi. Koma m'mutu mwanga madzi oundana ankachokera kumwamba, monga mvula, ndipo ankabwera okha. Zoti munthu angawapange ndi manja ake, ndi madzi ofunda a m'bafa, sizinandibwerere ngakhale pang'ono. Kagalimoto komwe tinali nako kale tinkangokasiyira mvula kuti ikatsuke. Ndinakwera kukasamba ndikuimba nyimbo.

Patapita maola awiri tinatsika titavala za kutchalitchi. Pangano linali lakuti ine ndikwere nawo, mwana apite pa basi, adzakwere pobwerera itapemphereredwa. Titafika pansi ndinakumbukira kuti beseni la mandazi ndalisiya patebulo, ndiye ndinabwerera. Pomwe ndinkatuluka pakhomo, beseni lili m'manja, injini inali ikulira kale, ndipo mwana wanga anali pampando wanga uja, akumanga lamba, akundimwetulira.

“Just to the bottom and back, Mum! He's only turning it!”

Ankati angotsika nawo kukatembenuka basi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe, koma ndinaganiza kuti ndi pafupi pomwepa, poti ukhoza kuponya mwala n'kufika, komanso tikupita kwa Mulungu. Ndinangomuloza chala.

Amuna anga anaponda mafuta monga anawauzira makaniko, ngati pali dzira. Ndinaona ndi maso anga, palibe chomwe analakwitsa. Koma matayala akumbuyo anazungulira pamalo amodzi, supachaja inalira kamodzi, ndipo kumbuyo kwa galimoto kunachoka pang'onopang'ono n'kuyamba kupita kutsogolo. Magetsi a mabuleki anayaka, koma galimoto sinamve. Inatembenuka chammbali, mbali ya mwana wanga itayang'ana kumadzi, n'kuyamba kutsetsereka. Matayala onse anayi anali ataima. Miyezi yonseyi ndinkaopa kubangula kwake, koma chomwe sindidzaiwala ndi mmene inatsikira mwakachetechete, mosafulumira, pa liwiro loti munthu akhoza kuithamangira n'kuipeza.

Beseni linagwa. Ndinathamanga, ndipo phazi langa litangoponda msewu ndinapezeka ndili chagada. Apo m'pamene ndinadziwa. Ndinagwira msewu ndi chikhatho, unali wosalala ngati galasi, ndipo mkati mwake ndinaona timathovu ta sopo wanga titaundana momwemo.

Kenako ndinamva chitsulo chikumenya chitsulo.

Kuimirira kunandikanika. Ndinatsika ndi mawondo ndi manja, diresi ya kutchalitchi ikukwekwereka, ndikuitana dzina la mwana wanga. Mpanda unali utapindika. Galimoto inali itaukankha mpaka tayala lakumbuyo la mbali ya mwana linali lende m'malere, pamwamba pa kamtunda kotsikira kumadzi kaja. Inali itapendekeka. Mpanda wakalewo unkalira chapansipansi, kwii, kwii, ndipo sindinkadziwa kuti ugwira mpaka liti.

Amuna anga anali atazimitsa injini. Anali gwa, manja pachiwongolero, akuopa ngakhale kupuma. Ndinadzikokera kuchitseko chawo, chomwe chinali mbali ya kumtunda, n'kuchitsegula. Kuseri kwawo ndinaona mwana wanga, galasi la mbali yake litasweka, magazi akutsika pachipumi, mkono wamanja ataugwira ndi dzanja linalo. Ine wodziwa mafupa ndinauona kamodzi n'kudziwa kuti wathyoka. Kuseri kwa mutu wake kunalibe msewu, kunali madzi okhaokha.

“Bambo, musatuluke,” ndinatero. “Mukatuluka ipepuka mbali ino. Khalani momwemo. Iwe, masula lamba pang'onopang'ono. Ubwere kwa ine, udutse pamiyendo pa bambo ako.”

Sanasunthe. Anandiyang'ana n'kunena ndi mawu a kamwana, m'Chichewa chomwe sindinachimvepo pakamwa pake chichokereni kusukulu ya mkaka:

“Amayi, ndikuopa.”

Ndinamuyankha ndi mawu anga a mu wodi, aja ouma, omwe ndimauzira odwala kuti zonse zili bwino pamene ineyo sindikudziwa. Mkatimu ndinali nditatha. Ndinamuuza kuti ayang'ane ine, asayang'ane kumadzi. Bambo ake anamumasula lamba ndi dzanja limodzi. Anayamba kukwawa, mkono wothyokawo atauphatika pachifuwa, ndipo atangonyamuka pampando galimoto inagwedezeka, mpanda unalira, ine ndinakuwa. Ndinamugwira kolala ya jekete n'kukoka ndi mphamvu zomwe sindidziwa kumene zinachokera. Tinagwera limodzi pansi, iye pamwamba panga, akulira, ine ndikumupapasa mutu, khosi, nthiti, monga ndimachitira ndi ana a eni.

Nditatukula maso ndinaona mdala uja akutsika cha m'mphepete ndi fosholo, atavala masilipasi, akuwaza mchere wosakaniza ndi mchenga. Ankautapa m'bokosi lachikasu la pakona, lomwe ndinalidutsa zaka zonsezi ndikuliyesa la zinyalala. Anthu ena anatuluka ndi chingwe n'kumangirira galimoto kumtengo wa magetsi, ndipo pokhapo amuna anga anatuluka. Anangokhala pansi.

Mdalayo anaima, anayang'ana msewu wonse kuchokera pakhomo pathu mpaka pampanda, n'kufunsa kuti ndi chitsiru chiti chathira madzi mumsewu tsiku lozizira chonchi. Kaya ankadziwa, kaya katani ija sinagwedezeke n'komwe, sindidziwa mpaka lero. Amuna anga, ali chikhalire pansi, anakweza dzanja ngati ali m'kalasi n'kunena kuti ndi iwo.

Tinapita kuchipatala changa chomwe. Anzanga omwe ndimamwa nawo tiyi ndi amene anamusoka mwana pachipumi. Dokotala anafunsa kuti galimoto inkathamanga bwanji, ndipo amuna anga atayankha anafunsanso kachiwiri, poganiza kuti sanamve bwino. Abusa anaimba foni kufunsa kuti tili pati, anthu akudikira pabwalo. Sindikumbuka chomwe ndinawayankha.

Mwana atalowa kukajambulidwa mkono, ife tinatsala pabenchi panja. Amuna anga anawerama, manja pakati pa miyendo. Ankadikira. Mawu anga aja ankawadziwa ngakhale ndinali ndisanawanenepo, poti takhala limodzi zaka zambiri. Anali pomwepo pansonga ya lilime, onoledwa miyezi isanu ndi umodzi. Ndinayang'ana mawondo anga, masitonkeni atang'ambika, magazi atauma.

“Bambo, munanena kuti kukuzizira.”

“Musatero, mayi.”

“Msewu uja ndatsuka ndine. Munandiona. Bwanji mwanama kwa mdala uja?”

Anatukula mutu. Kenako anati, “Ikanakhala galimoto ya konkuno, mbali ya kumadzi ndikanakhala ine.”

Aliyense anasenza chake. Kenako ndinalira, mokweza, pamaso pa anzanga akuntchito, ndipo sindinachite manyazi.

Galimotoyo inakonzedwa, ndipo kutayamba kufunda inagulitsidwa isanapemphereredwe n'komwe. Sindinawauze kuti agulitse, ndinalibenso pakamwa ponenera. Wogula anabwera ndi mkazi wake. Ndinawapangira tiyi, ndipo potsanzikana ndinangopezeka nditamugwira mayiyo dzanja ndi manja onse awiri.

Mwana ndinamuuza zoona tsiku lomwe anamuchotsa chikhakha. Anati, “I know, Mum,” n'kupitiriza kudya. Anabwerera ku Chingerezi chake, ndipo mawu awiri a Chichewa aja sanawanenenso. Fupa linalumikizana bwino, chithunzi chake ndinachiona ndekha. Koma kukazizira limamuwawa. Sadandaula, mwina sadziwa n'komwe kuti akuchita zimenezo: amangokhala patebulo akuwerenga, dzanja lamanzere likusisita mkono wamanja. Ine ndikaona zimenezo ndimadzuka, ndimavala jekete, n'kutsika ndi ndowa yanga ija kukatapa mchere m'bokosi lachikasu.